Matumba 8 a Simenti

Nkhaniyi ndakhala nayo pamtima kwa nthawi yaitali. Kwathu ena akuidziwa, makamaka amene analipo tsiku limene ndinakhala pansi pabwalo la amfumu n'kuulula. Koma bodza limene ndinanena mu 2019 linayenda mtunda wautali, linaoloka Rivirivi n'kukafika kumidzi imene ine sindinapondeko, pomwe kupepesa kwanga kunathera pansi pa mtengo umodzi wa mango. Ndiye ndati ndilembe, mwina mawuwa angafike kumene bodza lija linafika.

Kwathu ndi ku Balaka, ndipo wodziwa Balaka amadziwanso ludzu lake. Mvula kumeneko imabwera mochedwa, imakata msanga, ndipo ikati igwe imagwa ya mkuntho, madzi n'kuthamangira kumtsinje tsiku lomwelo. Kwa zaka zambiri mudzi wathu unkadalira mpopi umodzi wa madzi ochokera ku damu la Mpira, kumapiri a ku Ntcheu. Madziwo ankangotsetsereka okha m'mapaipi mpaka kufika kwathu. Mu 2018 damulo linaphwa. Mitengo ya m'mapiri momwe madzi ake amachokera inali itapululuka, matope atachuluka, mvula nayo itagwa yochepa. Mpopi wathu unayamba kutulutsa mphepo yokhayokha, kenako unangoti zii.

Ndinapita kumudzi mu Ogasiti chaka chimenecho. Mjigo wapafupi unali umodzi, ndipo mzere wa ndowa ndi zigubu unkayamba tambala asanalire. Amene analibe mphamvu zolimbirana pamjigo ankapita kukafukula mchenga kumtsinje, n'kumadikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono, kumatunga ndi chikho. Anyamata a kabaza anali atapezapo geni yogulitsa madzi pa chigubu. Tsiku lachiwiri ndili pakhomo, ndinaona amayi akubwera chapoteropo ndowa ili pamutu, akuyenda mokoka mwendo, ataima kawiri asanafike pankhokwe. Mlongo wanga anali atapita kale maulendo atatu. Ndinawalandira ndowayo, ndipo nditaitula pansi ndinaona kuti madzi ake anali ofiirira ngati thobwa. Usiku umenewo sindinagone. Ndinalumbira mumtima kuti amayi anga sadzasenzanso ndowa chilimwe chotsatira.

Cholinga chimenecho sindichita nacho manyazi mpaka lero. Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zimandiwawa.

Ine ndimagwira ntchito yowerengera katundu m'sitolo ina yaikulu ku Limbe, ndiye masamu ndi chakudya changa. Nditabwerera kutauni ndinakhala pansi ndi pepala. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la amayi ndi la malata, mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Pa chaka cha mvula ya mamilimita 800, dengalo limalandira malita oposa 38,000. Ngakhale utachotsapo ena otayika ndi mphepo ndi ena odontha m'njira, otsalawo amakwana pafupifupi malita 30,000. Madzi onsewo ankagwa padenga la amayi chaka ndi chaka, n'kukumba ngalande pabwalo, n'kupita. Mu Okutobala amayi omwewo n'kumakawafunafuna mumchenga.

Ndinawerengeranso mbali inayo. Pakhomo panali anthu asanu: amayi, mlongo wanga ndi ana ake atatu. Thanki ya malita 5,000 singathe kusambitsa ndi kuchapira anthu asanu chilimwe chonse, chifukwa munthu aliyense atamagwiritsa ntchito malita 20 patsiku, madziwo atha pamasiku 50. Koma akakhala akumwa ndi kuphikira basi, malita 5 pa munthu, amakwana masiku 200, kuchokera mu Meyi mpaka mvula itayambanso. Masamu amenewa anali olondola, ndipo ndi olondolabe. Vuto linali lakuti nditaona kuti ndalondola papepala, ndinayamba kudziona ngati ndikudziwanso za simenti, za dothi ndi za njerwa.

Ndinatenga ngongole kuntchito. Thanki ya pulasitiki ya msinkhu umenewo inali yodula kuposa ndalama zanga, ndiye ndinaganiza zomanga ya njerwa. Kumudzi kwathu kuli mmisiri wachikulire amene anamanga nyumba ya amayi bambo anga akadali moyo. Sindimutchula dzina, ndamuvutitsa kale mokwanira. Kumayambiriro kwa Okutobala ndinakwera minibasi ya msewu wa Zalewa, n'kukamupeza pakhomo pake akusema mpini.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatenga kamtengo n'kujambula pansi bwalo lozungulira, mamita awiri kupingasa kwake, ndipo anati kutalika kukhale mita imodzi ndi theka kuonjezapo pang'ono. Anayamba kutchula zofunika: matumba 14 a simenti, miyala ya kwale ya konkire wapansi, waya wa bulikifosi woika pakati pa njerwa, waya wa khola la nkhuku wokulunga khoma lonse asanapake pulasitala, mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, paipi yotayira madzi thanki ikadzaza, ndi chivindikiro. Anatinso malo amene ndinasankha, pakati pa nyumba ndi khitchini, si abwino, chifukwa dothi la pamenepo ndi makande, ndipo pakufunika kukumba mpaka kupeza nthaka yolimba.

"Komanso achimwene," anatero, "ino si nyengo yake. Thanki imamangidwa mu Epulo kapena Meyi, madzi akadalipo m'zithaphwi, kunja kukuzizira. Simenti amafuna kumwa. Pano anthu akusowa akumwa, ndiye khomali timwetsa chiyani?"

Ndinamva ngati akufuna kundichedwetsa. Komanso, ndinene zoona, ndinkaganiza kuti matumba 14 awachulukitsa dala kuti ena akatsale akhale ake. M'tauni timamva nkhani zotere tsiku ndi tsiku, ndipo ndinabwera nazo kumudzi n'kumuveka munthu amene sanandilakwirepo. Ndinamuuza kuti ndigula matumba 8. Bulikifosi ndinati nyumba zambiri zimaima popanda iye. Waya wa khola la nkhuku ndinagula mpukutu wosakwana kuzungulira. Mchenga ndinati ngolo ya kumtsinje ndi yodula, titenge umene unaunjikana m'ngalande ya mumsewu, wapafupi. Paipi yotayira madzi ndinati tidzaika mtsogolo. Malo ndinakana kusintha, chifukwa pamenepo m'pamene magata, ngalande zija za malata zolandira madzi a padenga, akanafika popanda kugula paipi yaitali.

Anatapa mchenga wa mumsewu uja, n'kuuthira m'botolo la madzi, n'kukhutchumula. Utadikha anandionetsa. Pansi panali mchenga, pamwamba pake mzere wokhuthala wa matope. Anati matope amenewo amatchinga simenti kuti asagwire mchenga. Anatinso pulasitala wa thanki amafuna ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zitatu za mchenga, ndipo ndi matumba 8 akakamizika kufika pa ndowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ngati akumanga khoma la nyumba wamba. Ndinamuyankha kuti ngati sangathe, ndikapeza wina ku Balaka.

Anakhala chete nthawi yaitali. Okutobala ndi mwezi wouma kwa mmisiri wa kumudzi, ndipo anali ndi mwana wa kusekondale amene ankadikira fizi. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinatsamira pomwepo.

"Ndimanga poti mwandituma," anatero. "Koma mtima wanga sukuvomera, ndipo ndanena amayi anu akumva."

Anamanga masiku asanu ndi limodzi. Ngakhale ndi zipangizo zoperewerazo, ntchito ya manja ake inali yokongola, khoma lozungulira bwino, pulasitala wosalala. Pochoka anauza mlongo wanga kuti aphimbe khomalo ndi ziguduli zonyowa, azithirira m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri osadumphitsa. Ine ndinali nditabwerera kale ku Limbe. Tsiku lachitatu mlongo wanga anaimba foni.

"Achimwene, madzi akumwa tikuchita kugula, ndiye tizimwetsanso khoma? Zigubu zinayi patsiku, ndalama yake ichokera kuti?"

Ndinamuuza kuti asiye, masiku atatu akwana, dzuwa la Okutobala liumitsa msanga. Apa m'pamene panali umbuli wanga waukulu. Ine ndinkaona simenti ngati dothi lozira m'nyumba, loti likauma ndiye kuti lalimba. Si mmene zilili. Simenti amalimba chifukwa chosakanikirana ndi madzi, ndipo ntchito imeneyi imapitirira mkati mwa khoma kwa masabata angapo, mpaka masiku 28 kuti afike pa mphamvu yake yeniyeni. Madzi akathawa msanga ndi dzuwa, kulimbako kumaimira panjira. Kunja khoma limaoneka louma bwino, koma mkati limakhala lofumbutuka, lodzaza ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Ndalama ya zigubu za masiku otsalawo sikanafika ngakhale pa mtengo wa matumba awiri a simenti. Ndinaiumira.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, ya chizimalupsa. Mmisiri anali atasiya mawu akuti paipi yochokera kumagata isalumikizidwe kuthanki mpaka mvula ziwiri zitatsuka denga, ndiponso kuti thankiyo itsukidwe kaye chifukwa madzi oyamba amamveka simenti. Ine nditamva kuti kumudzi kwachita mdima wa mvula, ndinaimba foni mothamanga kuti alumikize, pasatayike ngakhale dontho. Sindinaganize za zimene denga limasunga pa miyezi isanu ndi iwiri yopanda mvula: fumbi la mumsewu, phulusa la moto wolusa m'tchire, zitosi za nkhunda za oyandikana nawo, ndowe za mileme ndi abuluzi, masamba ovunda m'magata. Zonsezo zinatsikira m'thanki. Chivindikiro chenicheni panalibe, tinangogoneka malata awiri akale n'kutsindika ndi miyala.

Amayi anati madziwo akumveka fungo, iwo apitiriza kumwa a pamjigo. Ana ndi ana, ankangotsegula mpopi wa thanki n'kumwa ndi manja, akusangalala kuti madzi ali pakhomo. Patatha masiku ochepa, mwana wamng'ono wa mlongo wanga, wa zaka zitatu, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati, khungu ukalitsina losabwerera. Anathamangira naye kuchipatala chaching'ono panjinga, kumene anamupatsa Thanzi ndi mapiritsi, n'kumugoneka mpaka madzulo. Anachira, Mulungu ndi wabwino. Ine ndinafika tsiku lotsatira, ndipo atandiona anangoti "amalume" ndi mawu otsika, osadzuka pamphasa.

Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu anabwera kudzaona thankiyo. Anakwera pamakwerero, anachotsa malata aja, n'kundiitana kuti ndione ndekha. Pamwamba pa madzi pankayandama masamba ndi nthenga, ndipo m'mbali munali timphutsi ta udzudzu tikuvinavina. Anatiuza kuti titaye madzi onsewo, tikweche mkati ndi kulorini, tiike sefa ya waya pamene paipi imalowera, titseke paliponse pamene udzudzu kapena kuwala kungalowere. Anatinso madzi a mvula ndi abwino akamagwa, koma akadutsa padenga ayenera kuthiridwa mankhwala kapena kuwiritsidwa asanamwedwe: kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard pa ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30. Zonsezo tinachita. Ndinabwerera ku Limbe ndikudziuza kuti cholakwa changa chinali chimodzi chokhacho, ndipo ndachikonza.

Mu Januwale amayi anandiuza kuti thanki ikutuluka thukuta chakumunsi. Mmisiri uja atamva anabwera yekha, popanda womuitana ndiponso popanda malipiro. Anazungulira thankiyo, anagogoda khoma ndi chala, anapeza mng'alu woonda ngati ulusi wochokera pamaziko kukwera m'mwamba. Anauza amayi kuti madzi asapitirire theka, akachuluka azitsegula mpopi, ndipo ana asamasewere pafupi. Amayi anandiuza zonsezo pafoni. Ine kumva zoti azitaya madzi amene ndinawatengera ngongole, mtima unakana. Ndinatumiza ndalama ya simenti wapang'ono, n'kuuza mnyamata wina kuti amate mng'aluwo kunja. Chigamba cha kunja sichithandiza kanthu, chifukwa madzi amakankha kuchokera mkati, ndipo amakankha kwambiri pansi pamene pali kulemera konse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza, mkati mwake mumakhala kulemera kofanana ndi matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50. Ine wowerengera katundu, amene ndimadziwa mmene matumba 100 amafwamphulira matayala a lole, sindinaganizepo kuti ndaunjika katundu wotere pa makande, pafupi ndi khoma la zidina.

Makande ali ndi khalidwe lake. M'chilimwe amauma n'kung'aluka mpaka kulowetsa dzanja, m'dzinja amamwa madzi n'kufufuma, n'kusanduka phala. Chilichonse cholemera chimene chakhala pamwamba pake chimasuntha nawo.

Sabata yoyamba ya Malichi 2019 aliyense wa m'chigawo cha kummwera akuikumbukira. Unagwa mvumbi wa masiku angapo osakata, mvula ija inatsogolera namondwe wa Idai. Mitsinje inasefukira, nyumba zinagwa m'maboma ambiri, ndipo pa 8 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti m'madera okhudzidwawo mwagwa ngozi yadzidzidzi. Kwathu thanki inadzaza mpaka pakamwa kwa nthawi yoyamba. Mlongo wanga ankatsegula mpopi masana, koma usiku mvula inkathira kuposa mmene mpopi ungatulutsire. Poti paipi yotayira madzi kutali panalibe, osefukirawo ankatsika ndi khoma n'kumalowa pamaziko pomwepo, usiku wonse, masiku atatu.

Inaphulika pakati pa usiku. Amayi amati anamva ngati mfuti, kenako chiphokoso cha madzi, kenako khoma la khitchini kuti gumu. Anatuluka mumdima wa ndiweyani akuitana dzina la mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana wa zaka 13, chifukwa iyeyo ankagona m'khitchinimo masiku onse. Anaterereka pamatope n'kugwera dzanja, mkono n'kuthyoka pamwamba pa chikhatho. Ali pansi pomwepo akulira, mtsikanayo anatulukira kumbuyo kwawo. Usiku umenewo denga la udzu la khitchini linkadontha kwambiri, ndiye anali atanyamula mphasa yake n'kukagona kuchipinda kwa mayi ake, agogo ake osadziwa. Kutacha anapeza njerwa za thanki ndi zidina za khoma zitaunjikana pamalo enieni amene ankayala mphasa.

Ndimalephera kulemba chiganizo chimenechi popanda kuima kaye.

Mbuzi ziwiri zimene zinamangidwa kuseri kwa khitchini zinafa. Ufa ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga chogula, chimene chinayenera kuwafikitsa pokolola, zinasanduka matope. Amayi anakhala ndi pulasitala pamkono masabata asanu ndi limodzi, ndipo mpaka lero dzanja limenelo silitha kugwira khasu nthawi yaitali.

Ndinafika patapita masiku awiri, misewu itayamba kudutsika. Pakhomo panali anthu ambiri odzazonda, amalume anga, azimayi a kumpingo, ndi nduna ya amfumu. Anthu ankatola zidutswa za pulasitala n'kumazifikisa ndi zala, zikungoyoyoka ngati chigumu chouma. Wina anati, "Koma simenti analowamo mmenemu?" Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva manyazi otentha kuyambira kumapazi. Ndinaona mkono wa amayi, ndinaona mulu wa njerwa uja, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awa: "Ine ndinagula zonse zimene mmisiri ananena. Matumba 14. Kumene anapita ena, akudziwa ndi iyeyo."

Palibe anandikakamiza. Ndikanatha kunena kuti ndi mvula, poti nyumba zambiri zinagwa sabata imeneyo, ndipo anthu akanavomera. Koma ndinkafuna munthu woti asenze mlanduwo kuti usandiyandikire. Mlongo wanga anandiyang'ana n'kuzyolika. Amayi anatembenukira kukhoma.

Mawu amenewo anayenda. Pofika Lamulungu, mudzi wonse unkati mmisiri uja anaba simenti wa mayi wamasiye n'kutsala pang'ono kupha mwana. Mpingo wina umene unamulonjeza ntchito yomanga nyumba ya abusa unapatsa munthu wina. Anthu amene nyumba zawo zinagwa ndi mvula ija, nthawi imene mmisiri aliyense anali ndi ntchito yosatha, ankamulambalala n'kukatenga anyamata amene iye yemweyo anawaphunzitsa. Mwana wake anasiya sukulu chaka chimenecho. Iye sanapite kwa amfumu kukadandaula. Ndinamva kuti wina atamufunsa anangoti, "Mwini wake akudziwa, ndipo Mulungu akudziwa." Ndikapita kumudzi ndinkazungulira njira ya kudambo kuti ndisadutse pakhomo pake. Ngongole ya thanki ndinamaliza kubweza mu 2020, koma tulo tanga sitinabwerere mwakale.

Zinatenga zaka zinayi. Kumayambiriro kwa 2023 kolera inali itafalikira dziko lonse, mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Ndinapita kumudzi ndi mabotolo a mankhwala othira m'madzi, ndili ndi nkhawa ndi madzi a mumchenga amene ankamwabe mjigo ukawonongeka. Madzulo tili pakhonde awiriwiri, ndinayamba kunena kuti ndikufuna kuyesanso thanki, koma ulendo uno ndipeza mmisiri wokhulupirika wa kutauni. Amayi anadzuka osayankha, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mtolo wa mapepala a simenti omangidwa ndi luzi. Anali atawasunga kudenga, poti amayi sataya kanthu. Anauika pamiyendo panga.

"Werengani, bambo."

Sindinawerenge. Ndinkadziwa.

"Ali 8," anatero. "Ndinawawerenga tsiku limene ngolo inawatula, ndinawawerenganso atatha. Munthu uja sanatenge ngakhale chikho chimodzi. Ndakhala chete poti ndinu mwana wanga, ndimati mudzanena nokha. Koma ine ndakalamba, ndipo sindifuna kukagona kumanda ndi bodza la m'nyumba mwanga. Mkono uwu unapola. Dzina la mwini wake lija silinapole."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

M'mawa mwake ndinapita kwa amalume, chifukwa nkhani yotere munthu supita wekha. Iwo anakaitula kwa amfumu, ndipo Loweruka lake tinakumana pabwalo. Mmisiri anabwera atavala jekete lake la kutchalitchi, atakalamba kuposa mmene ndinamusiyira. Ndinakhala pansi, mtolo wa mapepala uja uli patsogolo panga, n'kunena zonse mwatsatanetsatane: matumba, mchenga wa mumsewu, waya, kuthirira kumene ndinaletsa, paipi imene ndinakana, chenjezo lake la mu Januwale, ndi bodza langa. Amfumu anagamula kuti ndipereke mbuzi ziwiri kwa mmisiri chifukwa chomuipitsira mbiri, ndi nkhuku ya pabwalo. Ndinaona kuti chindapusacho chinali chochepa poyerekeza ndi zimene munthuyo anataya. Fizi ya mwana wake ndinaipereka pandekha pambuyo pake, ngakhale zaka zimene mwanayo anakhala pakhomo palibe angazibweze.

Atapatsidwa mpata wolankhula, mmisiri anati iyenso ali ndi mbali yake, chifukwa anavomera kumanga chinthu chimene ankadziwa kuti sichilimba, pofuna ndalama. Anati kuyambira tsiku lija sanagonepo bwino akaganiza za mtsikana amene ankagona m'khitchini. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, ndakukhululukirani. Koma thanki ija ikundiwawabe. Mukapeza matumba 14, mundiitane."

Anaimanga mu Meyi 2023, madzi a namondwe wa Freddy akadali m'zithaphwi. Anasankha malo ena, kumtunda kwa nyumba, kutali ndi khoma lililonse logona munthu. Anakumba makande mpaka anapeza nthaka yofiira yolimba, anathira miyala, n'kuika konkire wokhala ndi waya. Mchenga unachokera ku Rivirivi pangolo. Ine ndinatenga tchuthi cha masabata awiri, ndipo ntchito yanga inali imodzi: kutunga madzi ndi kuthirira ziguduli m'mawa, masana ndi madzulo. Anaika chivindikiro cha konkire chokhala ndi kachitseko kokhoma ndi loko kuti mwana asagweremo, sefa polowera madzi, ndi paipi yotayira imene imakathira m'dzenje la nthochi mamita angapo kuchokera pamaziko. Pa paipi yochokera kumagata anaikapo ina yoimirira yotseka kumunsi, imene imayamba kudzaza ndi madzi akuda oyambirira, oyera n'kumadutsa pamwamba kupita m'thanki. Mvula ikakata, mdzukulu wa amayi amatsegula kumunsiko n'kutaya. Anatiuzanso kuti thanki ya simenti isamaume gwa, muzitsala madzi pang'ono pansi ngakhale mu Okutobala, kuti isang'ambike ndi kutentha. Magata tinaika mbali zonse ziwiri za denga.

Dzinja lotsatira linali loipa. El Niño anaumitsa chimanga m'minda, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Munda wa amayi sunapereke kanthu kooneka. Koma thanki inadzaza, chifukwa denga la msinkhu umenewo limangofuna mvula ya mamilimita pafupifupi 130 kuti lipereke malita 5,000, ndipo ngakhale chaka cha chilala mvula yotere imagwa. Amayi anakhoma mpopi wake ndi loko, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje, n'kumatunga ndowa imodzi ndi pang'ono patsiku, ya kumwa ndi kuphikira. Madzi osamba ndi ochapira ankachokerabe kumjigo. Anafika nawo mu Novembala.

Inu a kwathu kuno ndi a kutsidya kwa Rivirivi amene munamva kuti mmisiri wachikulire uja anaba simenti wa mayi wamasiye, munamva bodza, ndipo bodzalo linachokera pakamwa panga. Anapempha matumba 14, ine ndinagula 8. Ngati muli ndi ntchito yomanga, muitaneni, akadali ndi mphamvu, ndipo thanki yake yachiwiri ili chiimire pakhomo pa amayi anga kuti aliyense akaione.